Thandizeni: galimoto yamagetsi ikumatsika mbali imodzi usiku, ndingakonze ndekha?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Galimoto yanga ndi yamagetsi, ya air suspension, ija ya matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo. Ikagona usiku, m'mawa ndimaipeza yatsika kutsogolo kumanzere, tayala litatsala pang'ono kukhudza bodi. Ndikailiza, kompresa imapopa n'kuidzutsa bwinobwino, koma masiku ano ikumalira nthawi yaitali, ndipo zimenezo zikundidetsa nkhawa. Mabuleki ndi mashokapu a galimoto za petulo ndimasintha ndekha. Chikundiopsa pano ndi batire ili pansiyo. Kodi pothawira mpweya ndipapeza bwanji, nanga thumbalo lingamatike?

Yankho: Achimwene, musamate. Thumba limapindika nthawi zonse galimoto ikamayenda, ndiye guluu sagwira. Mankhwala othira m'matayala aja musayese n'komwe, amakatseka valve block, kabokosi ka mavalavu kogawira mpweya kumatumba. Koma musanagule chilichonse fufuzani kaye. Zimitsani zodzilinganiza zokha, apo ayi galimoto izidziwongola ili poima n'kubisa vuto. Pa Tesla amati Jack Mode, zina mumachotsa fyuzi ya kompresa. Yezani kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa bodi, mawilo onse anayi, m'mawa muyezenso. Ikatsika ngodya imodzi yokha, kawirikawiri ndi thumba, paipi yake kapena polumikizira. Ikatsika paliponse, kayikirani valve block. Kenako madzi a sopo m'botolo lopopera. Ikwezeni pamwamba penipeni kuti popindika labala paonekere, pakuti ming'alu imabisala pamenepo. Poperaninso pamwamba pa strut (mwendo wokhala ndi thumba ndi shokapu pamodzi) pomwe paipi imalowa. Musathamange, pothawa pang'ono thovu limachedwa kutuluka.

Yankho: Za batirezo ndiyankhe ine. Kompresa ndi mavalavu zimayendera magetsi ochepa aja, a 12V pa galimoto zambiri, osati batire yaikulu. Mawaya a olenji ndiwo a mphamvu yoopsa, pafupifupi 400V, zina mpaka 800V. Ntchito yanuyi sikufuna kuti muwakhudze, ndiye atalikireni basi. Ngozi yeniyeni ili pa jeke. Ikani pamalo pokha pomwe buku la galimoto likusonyeza, ndi kalabala kake, chifukwa mukaphonya mutobwanya chikuto cha batire. Galimotozi zimalemera kupitirira matani 2, ndipo mpweya ukathawa mwadzidzidzi imagwa osachenjeza. Chonde bambo, musalowetse mutu kapena mkono popanda masitandi. Ndikunena izi ndi mtima wonse.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndapopera sopo monga mwanenera. Pathumba palibe kanthu, koma thovu likutuluka pomwe paipi yalowa pamwamba pa strut. Ndingolimbitsa?

Yankho: Ayi, musakakamize, mazinga ake ndi ofewa, mungawononge strut yabwinobwino. Ngati ndi pamenepo mwachita mwayi. Yambani mwatulutsa mpweya, poti m'thanki yosungira mpweya mphamvu yake imapitirira 10 bar ndipo paipi ikhoza kukumenyani kumaso. Valani magalasi. Chotsani cholumikiziracho, dulani kansonga ka paipi mowongoka ndi chodulira mapaipi, osati pulayala yomwe imafinya, muike cholumikizira chatsopano ndi O-ring yake, kalabala kozungulira kotsekera mpweya. Fumbi lisalowe. Onetsetsaninso kuti paipi siikukhula chitsulo penapake.

Yankho: Ndiwonjezereko, mkulu wanga, pakuti ena amaiwala. Galimoto zina mpweya wake umazungulira mkati momwemo ndipo podzaza amathira nayitirojeni ndi kompyuta, choncho werengani buku la amakaniko la galimoto yanu musanamasule. Mukamaliza musaitsitse pansi thumba lili lopanda mpweya, labala imapindika molakwika n'kung'ambika. Ineyo ndikuona kuti kompresa yanuyo yatopa kale. Ikamalira kosalekeza imatentha, komanso dryer yake, yoyamwa chinyezi mumpweya, imadzaza n'kuyamba kutumiza madzi ku mavalavu. Ikapitiriza kuchedwa kudzutsa galimoto mutakonza, muiyang'ane pamodzi ndi relay yake, kaswitchi komwe kamaiyatsa. Ndipo thumba likadzatha, sinthani onse awiri akutsogolo, zaka zawo ndi zofanana.

Wofunsa: Ndamva, ndiyamba ndi bukulo. Funso lina: ndikangosintha cholumikizira, osakhudza sensa yoyeza kutalika, pakufunikabe calibration, kuiphunzitsanso kompyuta kutalika koyenera? Komanso podikira chipangizocho ndiziyendabe maulendo afupiafupi, kapena ndiiimike kaye?