Gulu la Chitukuko cha Kwathu, Angonia: uvuni wa makala kumanda

Mlembi: Abale, m'mawa uno tapeza uvuni wa makala ukufuka kuseri kwa manda akumtunda. Agwetsa misuku ndi mombo. Achimwene athu a ku Johannesburg amva, atumiza kale ndalama zoti tiyambire nazale.

Aphunzitsi Opuma: Kumanda? Yendani kuchoka pa Ulongwe mpaka m'munsi mwa phiri la Domwe, mitengo yachilengedwe yothithikana muipeza kumanda basi, poti anthu ankaopa mizimu ndi dambwe. Lero nkhwangwa yalowa komweko. Koma ndalamazo asazigwire munthu yemwe uja. Za nazale yoyamba zinathera kuti?

Msungichuma: Aphunzitsi, malisiti ndinawerenga pamsonkhano inu mulipo. Mbande zinadyedwa ndi mbuzi.

Aphunzitsi Opuma: Mbuzizo zinadyanso wilibala ndi makheni awiri?

Mayi a ku Tete: Tisamangonena owotcha makala. Chigafa chilichonse cha fodya chimadya mitengo ingati? Ndili mtsikana tinkatola masuku ndi bowa pafupi pomwepa, pano ana anga bowa amauona pamsika.

Mphwanu wa njinga: Amayi, makalawo mumaphikira ndinu a m'tauni. Ife feteleza tigule ndi chiyani? Tidzale bulugamu, amakula msanga.

Aphunzitsi Opuma: Iwe mwana, bulugamu amamwa madzi, ukamudzala kudambo chitsime chiphwa. Pansi pake sipamera bowa wa mombo. Chitsa cha mombo chimaphukira chokha, chongofunika ndi kuchiteteza ku moto wa osaka mbewa mu Ogasiti ndi Seputembala. Ndalama za machubu ofeseramo mbande nzosafunika n'komwe.
Komanso lamulo la dziko lathu la Mozambique limati 20 peresenti ya misonkho ya odula mitengo ibwerere kumudzi komwe mitengoyo yadulidwa. Anzathu a m'boma la Mágoè anayamba kale kudyerera zachilengedwe zawo ndi pulogalamu ya Tchuma Tchato, yoti anthu a m'midzi azisamalira okha zachilengedwe n'kumapindula nazo. Ife komiti yathu ngakhale kalata yofunsira inalembapo?

Msungichuma: Komitiyo wapampando wake munali inuyo.

Aphunzitsi Opuma: Miyezi itatu yokha, munandichotsa nditafunsa za wilibala!

Mlamu wa ku Dedza: Pepani, ndamva ena akuti owotchawo ndi ochokera kwathu kuno. Atchuleni maina.

Mlembi: Alamu, palibe wanena zimenezo muno. Loweruka tikakumane kwa a mfumu. Ndalamazo ndiziika kuti kaye?

Mayi a ku Tete: Nanga mbuzi zija zinali za yani?