Andikweza pantchito, koma ndalama yake yandifooketsa

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndagwira ukalaliki zaka 6 pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Lachisanu bwana anandiitana n'kundiuza kuti ndiziyang'anira makalaliki onse a pa sikelo. Chimwemwe chake, ndinangoti zikomo, za malipiro osafunsa n'komwe.

Kalata itabwera, angowonjezera K35,000 basi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi ikufika pati? Komanso nthawi ya mvula masamba akachuluka, kuweruka ndi usiku.

Ndiyambe bwanji nkhaniyi osaoneka wamwano? Nditchule ndekha ndalama, kapena ayambe iwowo? Akakana, ndipemphe nyumba ya pa esiteti? Kalatayo sindinasaine, yankho akulifuna Lolemba.