Timu ya koleji ikatenga chikho cha dziko lonse, kodi ulemu woyenera ndi uti?

Wa ku Chiputula

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili m'komiti ya anthu amene tinaphunzira pa koleji ina kuno ku Mzuzu, ndipo timu ya mpira wamiyendo ya anyamata a pa kolejiyo yabwera ndi chikho cha mpikisano wa makoleji a m'dziko muno. Komiti yagawanika pa za mmene tingawathokozere. Ena akufuna kuti tichite hayala lole, anyamata akwere ndi chikho chawo, tizungulire tauni kuchokera ku Katoto mpaka ku Mzuzu Stadium, kenako tikadye mpunga ndi nyama ya mbuzi. Ena akuti ndalamazo tingozigawa m'maenvelopu, nkhani ithere pomwepo. Mmodzi wa ife anatchula za ku America, kuti kumeneko timu ya yunivesite ikapambana imaitanidwa mpaka kunyumba ya mtsogoleri wa dziko. Kodi alipo amene akudziwa bwino zimene amachita kumeneko, nanga ndi ziti mwa izo zomwe zingatheke kuno ndi ndalama zosonkherana?

Mphunzitsi wa ku Katawa

A Chiputula, zimene mnzanuyo anakuuzani n'zoona, kungoti mpira umene akunenawo ndi wina: ndi uja wooneka ngati dzira, wothamanga nawo m'manja, umene osewera ake amavala zipewa zolimba. Kwa anthu a kumeneko masewera a mayunivesite si a ana ayi. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu 107,601, pamene lathu la Bingu ku Lilongwe limalowa anthu ongopitirira pang'ono 40,000, choncho ulemu umene amapereka ndi wolingana ndi khamu limenelo komanso ndalama zimene khamulo limabweretsa.

Kuyambira mu 2014 katswiri wa dziko lonse amapezeka kudzera mu mpikisano wotchedwa College Football Playoff, umene poyamba unkakhala ndi matimu 4 ndipo kuyambira mu 2024 unakula kufika pa matimu 12. Amene anayamba kutenga chikho m'dongosolo latsopano la matimu 12 ndi Ohio State, omwe anagonjetsa Notre Dame ndi mapointi 34 kwa 23 mumzinda wa Atlanta mu January 2025. Patapita miyezi itatu anakaonekera ku White House, ndipo kumeneko wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a JD Vance, amenenso anaphunzira pa yunivesite ya Ohio State yomweyo, atati anyamule chikho, tsinde lake linapatuka n'kugwera pansi makamera akujambula. Mu 2019 anyamata a Clemson, atagonjetsa Alabama ndi mapointi 44 kwa 16, anafika ku White House pa nthawi imene mbali ina ya boma inali itatsekedwa chifukwa cha mkangano wa bajeti, ndipo a Donald Trump anawakonzera chakudya chogula ku McDonald's, Wendy's ndi Burger King. Ndatchula ziwirizi dala, chifukwa anthu ambiri akamakumbukira maulendo amenewo amakamba za chikho chogwa ndi chakudyacho, osati za anyamata amene anakhetsa thukuta. Mwambo wa akuluakulu umakonda kutembenuka kukhala nkhani ya akuluakulu omwewo.

Zimene zimakhalitsa ndi zina. Wosewera aliyense amalandira mphete yolembedwa dzina lake, dzina la sukulu ndi chaka chimene anapambana, ndipo amakalamba nayo. Chaka cha chipambanocho chimalembedwa pa bwalo la masewera pomwe aliyense wolowa amachiona. Nyumba ya malamulo imatha kuvomereza chikalata choyamikira timuyo, zomwe zikutanthauza kuti nkhaniyo yalowa m'mabuku a boma. Ku Alabama anapitirira pamenepa: mphunzitsi wa timu aliyense amene anabweretsa chikho cha dziko ali ndi chiboliboli chake kunja kwa bwalo lawo, kuphatikizapo a Nick Saban, amene anatenga zikho 6 ali pa sukuluyo. Mphete zodula sitingazikwanitse, koma thabwa la mbawa lokhala ndi maina onse, kuyambira goloboyi mpaka mnyamata amene ankatunga madzi ndi kuchapa majezi, mmisiri aliyense wa kuno akhoza kulisema, ndipo likapachikidwa m'holo ya koleji lidzawerengedwa ndi ana amene panopa sanabadwe. Ine ndingayambire pamenepo.

Mayi wa ku Zolozolo

Aphunzitsi, thabwa ndalimva, koma musanagule thabwalo komiti ikafunse ku ofesi ya zachuma kuti mwa anyamatawo ndi angati amene ali ndi ngongole ya fizi. Ndikunena izi chifukwa mwana wa mchemwali wanga anasewerapo timu ya koleji ina, otchinga kumbuyo, ndipo chaka chimene anachita bwino anawanyamula pa mapewa mpaka ku hositelo. Itafika sabata ya mayeso, yemweyo anamubweza pa khomo la holo chifukwa dzina lake linali pa mndandanda wa osamaliza kulipira, umene unamatidwa pa bolodi lomwelo pomwe panali chithunzi cha timu. Anaima panja ndi cholembera m'manja anzake akulemba. Kodi mnyamata wotero mungamuuze kuti analemekezedwa?

Ngakhale ku America komwe aphunzitsi akukambako, maziko a zonse ndi akuti osewera ambiri a m'matimu akuluakulu amaphunzira osalipira, ndipo kuyambira mu July 2021 analoledwanso kupeza ndalama kudzera m'dzina lawo ndi zithunzi zawo, makampani akafuna kuwagwiritsa ntchito potsatsa malonda. Mphete imabwera pamwamba pa zimenezi. Ife tikatengera zapamwamba zokhazo, n'kusiya mwana akusowa fizi, tidzakhala tavala jekete tilibe malaya mkati. Envelopu sindikuifuna, chifukwa ndalama yopatsidwa m'manja tsiku lachisangalalo simagona. Ndalamazo zipite molunjika ku akaunti ya koleji m'dzina la mnyamata aliyense, ndipo komiti isunge malisiti.

Sapota wa ku Mchengautuwa

Mayi, pa za fizi sindikutsutsani, koma kuzungulira tauni musakupeputse. Chikhocho si cha koleji yokha. Amene ankadzaza bwalo ndi a kabaza, amayi ogulitsa nthochi ndi chimanga chootcha, ndi ana a ku pulayimale amene amathamangira mpira ukatuluka, ndipo anthu amenewa m'holo ya koleji salowamo, thabwa lanulo sadzaliona. Ife a kumpoto kuno timadziwa mmene zikho zimasowera, pakuti zambiri zimathera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kwa Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers. Tinaonanso mmene mzinda unkasangalalira pamene Mzuni inkasewera mu Super League, ana asukulu akulimbana ndi matimu akuluakulu pa Mzuzu Stadium. Mwana wa ku Chibavi akaona ndi maso ake kuti wonyamula chikho pa lole ndi wophunzira wa pa koleji, amamvetsa kuti mpira ndi sukulu zimatheka kuyendera limodzi, ndipo phunziro limenelo envelopu kapena lisiti silingapereke.

Chenjezo langa ndi limodzi. Mu January 2023 timu ya Georgia, itatenga chikho kachiwiri motsatizana pogonjetsa yunivesite ya Texas Christian (TCU) ndi mapointi 65 kwa 7, inachita chionetsero chachikulu mumzinda wawo wa Athens, ndipo usiku womwewo wosewera mmodzi ndi wogwira ntchito ku timuyo mmodzi anamwalira pa ngozi ya galimoto. Ngati mupanga za lole, ikhale masana, apolisi apamsewu adziwitsidwe, anyamata asapachikike m'mbali mwa galimoto monga timachitira pobwera ku ukwati, ndipo pakhale basi yowabwezera ku hositelo dzuwa lisanalowe.

Mphunzitsi wa ku Katawa

Mfundo ya mayi a ku Zolozolo ndi yolemera kuposa yanga, ndipo fizi ikhale patsogolo. Ndingowonjezera chimodzi chokhudza thabwa lija: lisasemedwe mothamanga. Yunivesite ya Southern California inapambana chikho cha 2004, koma inalandidwa mu 2011 kafukufuku atapeza kuti wosewera wawo Reggie Bush analandira zinthu zimene malamulo a nthawiyo sankalola. Kuno vuto lathu timalidziwa tonse, lolowetsa m'timu munthu amene si wophunzira, wongobwereka ku timu ya m'dera kuti akachinye zigoli mu fainolo. Komiti iyambe yatenga mndandanda wa osewera kwa mphunzitsi wa timu, iufananize ndi kaundula wa ophunzira ku ofesi ya koleji, ndipo idikire kuti nthawi yopereka madandaulo kwa oyendetsa mpikisano idutse.

Wa ku Chiputula

Zikomo kwambiri nonse. Ndikapereka ku komiti dongosolo ili: choyamba tione kaundula ndi ngongole za fizi, zotsala zipite ku thabwa, ndipo lole tikapemphe kwa mmodzi wa anzathu amene ali ndi bizinesi yonyamula katundu, ife tingothira mafuta. Mbuzi ikhoza kudikira. Pali vuto limodzi lomwe latulukira pamene ndimawerenga mayankho anu: mwa anyamatawo alipo anayi amene makolo awo analipira kale fizi yonse, ndiponso awiri amene akumaliza maphunziro chaka chino. Mayi a ku Zolozolo, kodi amenewa gawo lawo tiwapatse m'manja, kapena lipite kwa anzawo amene ali ndi ngongole? Komiti ikumana Loweruka masana, ndiye ndingayamikire nditamva maganizo anu lisanafike tsikulo.