Azilamu akufuna kuwagula masheya mokakamiza mayi wamasiye, tipange bwanji?

Loya wa ku Katoto: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitomala, mayi wamasiye, amuna awo anawasiyira masheya 8% mu kampani ina yapabanja kuno ku Mzuzu, ili ndi loji ndi malo cha ku Luwinga. Azilamu awo awiri ali ndi 92% yotsalayo ndiye atsegula kampani ina eni ake ali iwo omwe, kampaniyo yalemba kalata yoti ikugula masheya onse, iwo avomera kale okhaokha, pano akuti poti eni masheya oposa 90% avomera, lamulo likuti amayiwa agulitse afune asafune. Mtengo wakewo ngochititsa manyazi.

Mdala wa ku Chimaliro: Achimwene imeneyotu ndi nkhani ya mlandu wa Re Bugle Press yeniyeni, ya 1961 ku England. Awiri anali ndi masheya 4,500 aliyense, wachitatu 1,000, awiriwo anapanga kakampani kawo kuti kamugule mnzawoyo mokakamiza koma Court of Appeal inakana. Paja 90% ija imagwira ntchito chifukwa anthu ambiri osagwirizana ndi wogula akavomera mtengo ndiye kuti mtengowo uli bwino, nanga wogula ndi wogulitsa akakhala munthu yemweyo wavomera ndani? Pamenepo ndi iwowo ofunika kuonetsa khoti kuti mtengo ndi wachilungamo, osati amayiwo.

Akaunti wa ku Chibavi: Ine funso langa valuation, kuwerengera mtengo wa masheyawo, anapanga ndani. Zomwe timaziona amangotenga balance sheet, ndandanda wa chuma ndi ngongole za kampani, malo akadali pa mtengo omwe anagulira kalekale, chonsecho kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023, poloti ya ku Luwinga lero mungaigule ndalama zimenezo? Itanitsani ma audited accounts, muonenso malipiro a ma director ndi ngongole zomwe amadzibwereketsa, nthawi zambiri dividend, phindu logawira eni masheya, imathera kumeneko kenako nkumati kampani sikupanga phindu.

Loya wa ku Katoto: Valuation wapanga ndi akaunti wawo yemwe, wachotsanso ndalama ina pa mtengowo akuti poti masheyawo ndi ochepa alibe mphamvu.

Mdala wa ku Chimaliro: Chimenecho musalole. Werengani mlandu wa O'Neill v Phillips wa 1999, jaji Lord Hoffmann anafotokoza kuti offer yabwino kawirikawiri imakhala ya gawo la munthuyo pa mtengo wa kampani yonse, osadula chifukwa choti masheya ake ndi ochepa. Muonenso ngati sanasinthe constitution ya kampani chamseri, ndi 92% special resolution, chigamulo chofuna mavoti 75%, amadutsitsa ali pa tiyi. Ku Australia pa mlandu wa Gambotto wa 1995 khoti linakana zosintha malamulo a kampani ncholinga chongothamangitsa ochepa.

Sisi wa ma estate (chuma chamasiye): Musanathamangire milandu yakunjayo, masheyawo analowa kale mu dzina la amayiwo mu share register, kaundula wa eni masheya? Ma letters of administration, zikalata zopereka mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu, alipo? Ngati akadali mu dzina la malemu azilamuwo ayambira pompo kuti alibe poyankhulira. Komanso Deceased Estates Act ya 2011 ija imati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu, kalata yanu ingowakumbutsako pang'ono.

Akaunti wa ku Chibavi: Koma amayiwo akufuna kukhalabe mu kampani kapena ndalama? Poti kukhala ndi anthu oti sakukufuna ukhoza kupambana kukhoti dividend osaionabe.

Loya wa ku Katoto: Akufuna ndalama ya fizi ya ana, bola ikhale yoyenera. Ma letters alipo koma register sanasinthe.

Sisi wa ma estate: Yambani ndi register yo mawa lomwe. Asasaine transfer form iliyonse, cheke akabweretsa asalandire.

Mdala wa ku Chimaliro: Kenako injunction, chiletso cha khoti, ku High Court, petition pansi pa Companies Act ya 2013 mbali ya prejudiced shareholders, eni masheya oponderezedwa, mupemphe valuer oima payekha. Kalata ya azilamuyo yapereka masiku angati?

Loya wa ku Katoto: Mpaka kutha kwa mwezi uno. Yewo chomene adada, draft ndikutumizirani usiku muione.