Mkamwini akuti tikawedze tautog ku Rhode Island, ndikonzeke bwanji?

Mkulu wa ku Mufakose

Moni nonse abale anga. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Providence, m'chigawo cha Rhode Island ku America, ndipo wanditumizira tikiti kuti ndikawaone mu Okutobala. Mwamuna wake ndi wokonda madzi ngati ine, ndiye chimvereni kuti apongozi akubwera, foni iliyonse nkhani ndi ya nsomba ina yotchedwa tautog. Akuti Okutobala ndi Novembala ndiye nyengo yake, ndipo adzanditengera ku miyala ya ku Jamestown, mwinanso tidzakwera boti ku Point Judith.

Kuwedza ndimakudziwa ine, musandionere ukalamba. Ndakulira pa madamu a Chivero ndi Manyame, kuno kufupi ndi Harare ku Zimbabwe, nyongolotsi zanga ndimagula kwa anyamata a m'mbali mwa msewu wa ku Bulawayo, ndipo bream, nsomba ija yonga chambo, ikangogwedeza chingwe ndimadziwa kukula kwake isanatuluke. Koma zimene akunena mkamwiniyu sizikundilowa m'mutu. Akuti nyambo yake ndi nkhanu. Akuti mbedza amaitsitsa dala pakati pa miyala, malo amene ife timawalambalala chifukwa amadya mbedza. Chithunzi chimene anatumiza ndi cha chinsomba chakuda, chamilomo yonenepa, mano akutsogolo ali poyera.

Kumufunsitsa ndikuchita manyazi, mpongozi sangamafunse mkamwini chilichonse. Ndiye ndafika kwa inu. Ndinyamule ndodo yanga ya bream kapena ndiisiye? Nanga bwanji amadikira kuti kuzizire, pamene kuno nsomba zimadya bwino kukamatentha chonchi?

Wobadwira ku Dzivarasekwa, pano ku Connecticut

Malume, ndodo yanuyo isiyeni ku Mufakose, ingakathyoke tsiku loyamba. Ndimakhala chigawo choyandikana ndi kumene mukupitako ndipo nsombayi ndimaisaka chaka chilichonse. Kuno ambiri amaitcha blackfish, ena amangoti tog.

Poyamba mudziwe zimene imadya. Si nsomba yothamangitsa tinsomba tinzake. Imakhala m'mapanga a miyala, m'zombo zomira ndi m'munsi mwa milatho, n'kumazula nkhono zomata pamiyala ndi kugwira nkhanu. Mano akutsogolo mwawaona aja ndi ozulira, kukhosi kuli enanso ophwanyira zigoba. N'chifukwa chake nyongolotsi siipita patali. Timagula nkhanu zobiriwira m'masitolo a zowedzera, zija zinachokera ku Europe n'kudzaza gombe lonse la kuno. Mumaidula pakati ndi sizasi, kuchotsa miyendo ndi zopanira, kenako kulowetsa mbedza pa bowo la mwendo umodzi n'kuitulutsira pa bowo lina. Ena amachotsanso chigoba chapamwamba kuti fungo lituluke.

Za kuzizira: chilimwe cha kuno chikatha, madzi akamatsika kufika pakati pa madigiri 10 ndi 15, nsombazi zimasonkhana pamiyala ya pafupi ndi mtunda n'kumadya mwadyera. Zikukonzekera chisanu. Madzi akazizira kupitirira apo zikuluzikulu zimasamukira kozama, ndipo kukafika pachimake pa chisanu zimangogona m'miyala osadya n'komwe. Ndiye mkamwini wanu sakunama, mukufika pa nthawi yake yeniyeni.

Tsopano chovuta chenicheni. Simudzaponya patali ayi, mudzatsitsa chingwe molunjika mpaka mtovu ugunde mwala, n'kuusiya pomwepo osaukoka. Mudzamva kugogoda, go go go. Musakoke, Malume. Apo ikungophwanya chigoba, mwinanso ndi kansomba kena kakang'ono kotchedwa cunner kamene kamaba nyambo tsiku lonse. Dikirani mpaka ndodo ilemere ngati wina waikokera pansi. Pamenepo kwezani mwamphamvu n'kuyamba kukulunga chingwe osapuma. Nkhondo yonse ili pa mita yoyamba pamwamba pa mwalawo. Mukaipatsa mpata imalowa m'phanga n'kudzipanikiza momwemo, chingwe chimakhuzika pa mwala n'kuduka. Zija timachita ndi bream zoisiya ithamange kuti itope, kuno ndiye kutaya nsomba. Chingwe chathu chimakhala cholukidwa, chosatamuka, ndipo kumapeto timalumikiza china chokhuthala chopirira mapaundi 40 kapena 50. Mbedza ndi mitovu mudzataya zambiri. Amene sakutaya ndiye kuti sali pamalo pake.

Chabwino chimodzi kwa inu akuluakulu: palibe kulawirira usiku. Tautog imadya masana, usiku imagona m'mapanga, nthawi zina chogonera m'mbali.

Mwana wa Nkhata Bay, Highfield

Achimwene a ku Connecticut mwafotokoza bwino, koma musawaopseze a Malume ngati kuti za miyala n'zachilendo kwa ife. Anthu a pa Chivero mwina, poti madzi ake ndi a matope ndi namasupuni. Ife a kunyanja tinakula tikudziwa kuti pamene pali mwala pali nsomba. Mbuna zimakhala moyo wonse zikukokota ndere pamiyala. Kampango masana amabisala m'mapanga, ndipo ukamukola osamuzula msanga amachita zomwezo mwanenazi, kulowa pansi pa thanthwe basi nkhani yatha. Asodzi a utaka kwathu amadziwa chilundu chilichonse cha pansi pa madzi poyang'ana phiri ndi mtengo wa kumtunda, alibe makina.

Funso langa n'lakuti, bwanji osangokhala pamtunda n'kumawedza bwinobwino? Munthu wamkulu kukwera boti pa nyanja ya mchere kukuzizira, ine sindikuona chifukwa.

Wobadwira ku Dzivarasekwa, pano ku Connecticut

Achimwene, za kampango mwalasa. Koma pa za boti ndikutsutsani. Kwa munthu wa msinkhu wa a Malume, pamtunda ndiye poopsa. Ku Beavertail, kumapeto kwa chilumba chimene pali Jamestown, miyala yake ndi yotsetsereka, ili ndi ndere zoterera, ndipo funde limabwera mosayembekezera ngakhale nyanja ikuoneka yabata. Owedza kumeneko amavala nsapato zokhala ndi tizitsulo kunsi. Kulinso chinthu chimene pa nyanja ya Malawi kulibe: madzi amadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku. Mwala umene waimapo m'mawa, pofika masana ukhoza kukhala utazunguliridwa ndi madzi.

Pa boti ntchito yaikulu ndi ya woyendetsa. Ayenera kuponya nangula moti botilo liime pamwamba penipeni pa mulu wa miyala, chifukwa mukaphonya ndi mamita ochepa chabe mudzakhala tsiku lonse osamva kalikonse, pamene anzanu a boti lina pafupi pompo akukweza nsomba. Ngakhale m'boti limodzi, wa mbali ino akhoza kukola zisanu wa mbali inayo ali chete. Mukaona choncho Malume, musadandaule kuti mwalodzedwa, pemphani kusuntha pang'ono.

Mayi a ku Tafara

Bambo, azibambowa akukuuzani za mbedza, palibe wakuuzani za thupi lanu. Muchoka mu Harare mu Okutobala, mwezi umene timagona mawindo otsegula, n'kukafika kumene masamba akuyoyoka. Pamtunda mwina mudzati n'chimodzimodzi Juni wa kuno, koma pamadzi mphepo yake ndi ina, ndipo manja amakhala onyowa ndi nkhanu tsiku lonse. Muuzeni mwana wanu akugulireni jekete yosalowa madzi, chipewa chofika m'makutu ndi magolovesi, musadalire juzi la pa kaunjika wa ku Mupedzanhamo. Mumwenso mankhwala oletsa chizungulire musanakwere botilo. Chivero sagwedeza munthu, nyanja ya Atlantic imagwedeza.

Ndinaidyako nsombayo kwa mchemwali wanga ku Massachusetts. Mnofu wake ndi woyera, wolimba, susweka mumphika. Iwo amakonda kuphika msuzi wa mkaka ndi mbatatesi, ine sunandigwire mtima. Ndinapempha mutu ndi zidutswa ziwiri, ndinathira tomato, anyezi ndi tsabola, n'kuphika nsima. Khungu lake ndi lokhuthala komanso loterera, ambiri amalisenda.

Mkulu wa ku Mufakose

Zikomo nonse. Mayi, za jekete ndamuuza kale mwanayo usiku womwewu. A ku Highfield, mawu anu a Chivero wa matope ndawamva, tidzakambirana pamaso.

Mphwanga wa ku Connecticut, chimene chandikhudza ndi chija choti nsomba isapatsidwe mpata. Dzanja langa linazolowera kufewa, chifukwa mlomo wa bream ukaukoka mwankhanza umang'ambika. Ndiye ndiyenera kukaphunzitsa dzanja lokalamba khalidwe latsopano, pamaso pa mkamwini. Chabwino. Funso lotsiriza: tikakola zambiri, ndingaziumitse kapena kuziwamba kuti ndibwere nazo? Anzanga a ku tchalitchi sangakhulupirire chithunzi chokha.

Wobadwira ku Dzivarasekwa, pano ku Connecticut

Malume, "zambiri" zimenezo muziiwale. Nsombayi imakula pang'onopang'ono kwambiri, ina imafika zaka zoposa 30, ndipo imakonda kubwerera pamiyala yomweyo chaka ndi chaka, choncho mulu umodzi ukhoza kutha msanga anthu akaulimbikira. N'chifukwa chake malamulo ake ndi okhwima. Ku Rhode Island yosafika mainchesi 16, pafupifupi masentimita 41, imabwezedwa m'madzi. Munthu mmodzi amaloledwa zowerengeka pa tsiku, ndipo chiwerengerocho chimasintha malinga ndi mwezi, ndiye mkamwini ayang'ane malamulo a chaka chino musananyamuke. Mukawedza pamtunda kapena pa boti la iye mwini mufunika chiphaso cha kuwedza m'nyanja ya mchere, chilipo cha masiku 7 choyenera alendo. Pa maboti olipira aja, chiphaso cha botilo chimakwanira onse. Oyang'anira amayendera madoko ndipo amayeza nsomba ndi tepi.

Yaikulu kwambiri imene inalembedwa inali ya mapaundi 28 ndi maaunsi 13, pafupifupi makilogalamu 13, inakoledwa mu 2015 kufupi ndi Ocean City ku Maryland. Inuyo mukakweza ya makilogalamu awiri kapena atatu mwachita bwino. Ikakhala ndi chibwano choyera chotuluka, nthawi zambiri imeneyo ndi yamphongo yokhwima, ijambuleni ili pa tepi kuti a ku tchalitchi aone nambala. Zikuluzikulu zazikazi ambiri timazibweza chifukwa ndizo zimaikira mazira ochuluka. Zoumitsa zisiyeni, nyengo imeneyo kulibe dzuwa loumitsa nsomba, idyereni komweko. Mundiuze tsiku lofika, ndi ulendo waufupi pagalimoto kuchokera kuno, ndipo ndodo yachiwiri ndili nayo.