Nsato yakhazikika m'mbale ya madzi, madziwo akuterera

A Banda, Benoni:
Moni nonse apagulu. Abwana anga amaweta ball python, tinsato tating'ono tochokera ku Ghana ndi ku Togo tija, ndipo mabokosi onse 24 ndimasamalira ndine. Yaikazi imodzi yatha masiku anayi ili m'mbale ya madzi, kunja kwangotsala mutu. M'mawa uno ndakhudza pansi pa mbaleyo, pakuterera ngati therere, komanso pali timadontho takuda tonga njere za bonongwe. Madzi ndimawonjezera tsiku lililonse, kutsuka ndimatsuka Loweruka. Ndikulakwitsa pati?

A Phiri, Pretoria:
Achimwene, yambani mwayang'ana maso ake. Ngati achita mbuu, ikufuna kufundula, ndiye kukhala m'madzi n'kwachibadwa, makamaka nyengo yozizira ino pomwe mpweya wa kuno ku Gauteng wauma gwa. Muyezenso kutentha. Mbali yofunda izikhala madigiri 31 kapena 32, yozizira 25 kapena 26. Bokosi lonse likatentha mofanana, njoka imathawira m'madzi.

A Banda:
Maso ali bwinobwino, inafundula masabata awiri apitawa. Kutentha ndayeza, 31 ndi 26.

Mayi Nachisale, Durban:
Ndiye nkhani ili pa timadontho timeneto. Tengani kamodzi mukafinyire pa pepala loyera. Kakasiya magazi, dziwani kuti ndi utitiri wa njoka. Umayamwa magazi ngati wa nkhuku uja, umabisala pansi pa mamba, m'mbali mwa maso ndi kunsi kwa chibwano. Njoka imalowa m'madzi pofuna kumiza utitiriwo, ndipo womwe mwauona pansi pa mbale ndi wakufa kale. Wamoyo uli pathupi, mazira ali m'ming'alu ya bokosi.

Koma a Banda, ndikufunseni. Loweruka mumatsuka bwanji?

A Banda:
Ndimatolera mbale zonse, kuziika mu ndowa imodzi ya madzi a sopo, kukwecha ndi chinkhupule, kutsukuluza, kenako kubwezera. Pepala lija ndafinyirapo, magazi atuluka.

Mayi Nachisale:
Ndowa imodziyo ndi imene yandidetsa nkhawa kuposa utitiri. Mbale ya bokosi lachitatu ikukathera m'bokosi lachikhumi, chinkhupule chimodzi chayenda monse. Njoka zimakonda kuchita chimbudzi m'madzi, ndiye chilichonse chili m'mimba mwa imodzi mukugawira zonse 24. Pali kachirombo kotchedwa Cryptosporidium, kamatupitsa njoka pakati pa thupi n'kumasanza mbewa patangopita masiku ochepa itameza. Kameneka Jik sakapha, ndipo mankhwala odalirika ochiza palibe. Kumene ndinkagwira kale tinataya ma corn snake asanu motsatizana, ndipo tonse tinkatsukira mu beseni limodzi ngati inumu. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa imodzi ndinailera kuyambira itangoswa.

Lembani nambala ya bokosi kunsi kwa mbale iliyonse, ibwerere kwake. Chinkhupule chitayeni, muzipukuta ndi mapepala otaya.

A Phiri:
Pamenepo ndikuvomereza. Ndiwonjezere za kuterera kuja. Ndi mabakiteriya omwe amamatirira pa mbale, ndipo kuthira madzi atsopano pamwamba sikuwachotsa. Tsiku lililonse khuthulani onse, kwechani ndi madzi otentha ndi sopo wa mbale, tsukuluzani, ndiye thirani ena. Mukapeza chimbudzi musadikire mawa. Kamodzi pa sabata vikani m'mankhwala ophera majeremusi. Ife timagwiritsa ntchito F10SC, mamililita 4 pa lita imodzi, mphindi khumi. Muyambe mwakwecha, chifukwa mankhwala sagwira bwino pa litsiro.

A Mwale, Lusaka:
F10 kuno sipezeka paliponse, komanso mtengo wake ndi wokwera. Ine ndi Jik basi, mamililita 30 pa lita, mphindi khumi, kutsukuluza mpaka fungo lithe, kuyanika padzuwa. Ndili ndi mbale ziwiri pa njoka iliyonse, ina ikamauma ina ili m'bokosi. Osasakaniza Jik ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake ungakugwetseni.

Mayi Nachisale:
Jik ali bwino ngati mutsukuluza mokwanira. Zoti musayandikitse n'komwe ndi Dettol ndi Jeyes Fluid. Kunyumba timazikhulupirira, koma zili m'gulu la mankhwala omwe ndi poizoni kwa njoka.

A Banda:
Nanga madziwo? Abwana amati tizigula a m'botolo.

A Mwale:
Kuwononga ndalama. Madzi omwe inu mumamwa, nayonso ingamwe. Ngati akununkha klorini, tungani madzulo agone mu ndowa yosavundikira.

A Phiri:
Kugoneka kumathandiza komwe amathira klorini yekha, a Mwale. Rand Water, kampani yopereka madzi kuno ku Gauteng, imagwiritsanso ntchito mankhwala ena otchedwa chloramine, omwe sauluka msanga. Komabe ife timapereka a pampopi kwa zaka zambiri, sitinaonepo vuto. Angopewa osungunula aja a batire ya galimoto. Mbale ikhale yolemera, mbali yozizira. Ikakhala pamwamba pa chotenthetsera imaterera tsiku limodzi lokha, ndipo ikagubuduzika utuchi umanyowa, mamba a pamimba n'kuyamba kuwola.

Mayi Nachisale:
Tibwerere kwa yodwalayo. Ipatuleni lero, chipinda china ngati chilipo. Chotsani utuchi wonse muyale mapepala oyera kuti utitiri uzioneka. Izikhala yomaliza kuisamalira, kenako musambe m'manja mpaka m'zigongono, chifukwa utitiri umakwera pa malaya. Mankhwala ophera afunseni kwa dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa, ndipo tsiku lopopera mbale ya madzi ituluke, ibwerere bokosi likauma. Mbalezi musatsukire mu sinki ya kukhitchini, njoka zimanyamula Salmonella, mabakiteriya odwalitsa anthu m'mimba. Kodi kwabwera njoka yatsopano posachedwa?

A Banda:
Inde mayi, yaimuna yogula mwezi watha, ili bokosi loyandikana nalo. Ndangoyang'ana mbale yake, timadontho tili mbwee. Mwa zina 22, ndapeza m'ziwiri. Zinayi zonsezo ndazisamutsira ku galaja, mbale ndalemba manambala, ndipo abwana avomera kugula zina 24 zosinthira. Dokotala akubwera Lachiwiri.

Mayi Nachisale:
Zotsalazo muziyang'ana pansi pa mbale m'mawa uliwonse musanakhuthule, kwa mwezi ndi theka. Yatsopano ikadzabweranso, ikhale payokha miyezi itatu ndi mbale yakeyake. Lachiwiri mutiuze zomwe dokotala wanena.