Kodi eni nyumba angandichotse popanda chigamulo cha khoti?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ntchito inandithera, ndipo ndili ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Eni nyumba anditumizira uthenga pafoni wakuti ndikapanda kulipira pofika Loweruka adzasintha maloko ndi kutulutsa katundu wanga panja. Ngongoleyo sindikuikana, koma kodi lamulo likuwalola kutero?

Yankho loyamba:
Pepani ndi zomwe zakugwerani. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, komabe m'maiko ambiri mwini nyumba saloledwa kudziweruzira yekha mlandu wotere. Amayenera kuyamba wakupatsani notisi yolembedwa, yotchula ndalama zomwe simunalipire ndi tsiku loti mulipire kapena mutuluke. Tsikulo likadutsa, amakasuma kukhoti, inu mumalandira samani, ndipo mumapatsidwa mpata wofotokoza mbali yanu. Khoti likagamula kuti mutuluke, odzakutulutsani amakhala asherifu kapena ena otumidwa ndi khotilo, osati eni nyumba ndi anyamata awo. Kusintha maloko, kuzula zitseko kapena kudula madzi ndi magetsi pofuna kukukakamizani kuchoka, kawirikawiri ndi kuphwanya lamulo, ngakhale ngongoleyo ili yoona.

Yankho lachiwiri:
Ine ndili ndi nyumba yochititsa lendi, choncho ndikudziwa kuwawa kodikira ndalama yosabwera, pamene nawenso uli ndi ana ofuna fizi. Komabe zosintha malokozo sindigwirizana nazo. Langizo langa n'lakuti musawazembe eni nyumbawo. Alembereni lero, mutchule ndalama zomwe mungathe kupereka panopa ndi masiku omwe mudzamalize zotsalazo, ndipo akavomera nonse musayinirane. Ambirife timasankha kulandira pang'onopang'ono kusiyana ndi kutaya nthawi ndi ndalama kukhoti. Dziwaninso kuti kutuluka m'nyumba sikufafaniza ngongole.

Yankho lachitatu:
Ndiwonjezere pa zomwe anzanga anena. M'chaka cha 1997, komiti ya United Nations yoona za ufulu wa zachuma, chikhalidwe ndi umoyo wa anthu inafotokoza kuti kuchotsa munthu amene wakhala osalipira lendi kungakhale koyenera, bola zichitike motsatira lamulo. Choncho sungani chikalata cha mgwirizano, malisiti onse ndi uthenga woopsezawo, ndipo mukaonane ndi loya kapena bungwe lothandiza pa zamalamulo Loweruka lisanafike. Samani ikabwera musaibise pansi pa mphasa, chifukwa mukapanda kukaonekera, khoti likhoza kugamula mlanduwo inu kulibe.